Mbiri ya Ulezi ndi Malipiro Ake

Palibe munthu amene adadzilera yekha. Mfumu, mphunzitsi, sing'anga ngakhale mkulu wankhondo, onsewa adakhalapo kumsana kwa munthu wina, adamwetsedwa phala ndiponso adatonthozedwa polira. Kawirikawiri munthu winayo adali mayi wawo, koma si nthawi zonse. Pamene mayi adali kumunda, kumtondo, kumsika kapena kuntchito, padali wina wotsala ndi mwana, ndipo ameneyu ndiye mlezi. Ntchito ya mlezi ndi yakale ngati mtundu wa anthu, koma funso lakuti mlezi alandire ndalama zingati ndi latsopano. M'dziko muno funsoli langotha zaka zopitirira pang'ono 100. M'chimangirizo chino tiona momwe ntchito yolera ana idasinthira kuchoka pa udindo wa pachibale kufika pa ntchito yolipidwa, ndipo chitsanzo chathu chikhala dera la Nsanama, pamsewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, m'boma la Machinga.

Ulezi wa m'mbumba

Anthu ambiri a ku Nsanama ndi madera oyandikana nawo, mpaka kutsidya kwa Shire ku Balaka, amatsata mwambo wa chikamwini. Mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndipo ana amawerengedwa kuchikazi. Motero mudzi wakale udali wa amayi apachibale: agogo, ana awo aakazi ndi zidzukulu, onse pansi pa mwinimbumba. Mwana wobadwa m'mudzi wotere sankasowa manja omunyamula. Mayi akapita kukatunga madzi, khanda linkatsala ndi anganga ake, mayi ake aang'ono kapena mkulu wake. Mtsikana wa zaka 7 kapena 8 ankadziwa kale kumanga mbereko ndi kugwedeza mwana mpaka agone.

Zikachitika kuti panyumba palibe mtsikana wamsinkhu wotere, mayi ankapempha mwana kwa mbale wake kuti adzakhale mlezi. Panalibe kuwerengerana masiku kapena kutchula mtengo. Mleziyo ankadya pamodzi ndi eni nyumba, ankavekedwa, ndipo pobwerera kwawo ankapatsidwa nsalu, mikanda kapena nkhuku. Malipiro enieni adali m'tsogolo, pakuti iye amene walera mwana wa mnzake lero ankadziwa kuti mawa wake adzaleredwanso. Ndicho chifukwa chake akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Tinganene kuti ulezi udali ngongole yozungulira mudzi wonse, yobwezedwa ndi ntchito yofanana nayo.

Komabe tisaganize kuti kale zonse zidali zokoma. M'zaka za m'ma 1800 dera la pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Chilwa lidali panjira ya malonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe la nyanja yamchere. Akapolo ena sankagulitsidwa kutali. Ankasungidwa m'midzi ya anthu olemera, ndipo akazi ndi atsikana pakati pawo ankasinja, kutunga madzi ndi kulera ana a ambuye awo. Iwowa sankayembekeza nsalu kapena nkhuku. Malonda a akapolo m'derali adatha pamene asilikali a boma la atsamunda adagonjetsa mafumu amphamvu, monga Kawinga wa kuphiri la Chikala m'chaka cha 1895. Koma maganizo akuti ntchito ya m'nyumba ya mwini ndi ya munthu wotsika sadathere pomwepo.

Msonkho ndi ndalama

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, adakhazikitsa msonkho wa nyumba. Pofika 1894 nyumba iliyonse inkakhoma masheleni 3 pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo udakwera kufika pa masheleni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa Mzungu kwa mwezi umodzi ankangokhoma theka lake. Cholinga chidali choonekeratu: kukankhira amuna kuntchito ya Azungu. Kuyambira pamenepo thukuta la munthu lidayamba kuyezedwa ndi ndalama ndiponso kuwerengedwa pamwezi.

Ena mwa amunawa adapita kuminda ya khofi, thonje ndi fodya, ena adasenza mtengatenga, ndipo ena adalowa m'nyumba za Azungu ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Limbe. Chodabwitsa kwa ife lero ndi chakuti ntchito ya m'nyumba masiku amenewo idali ya amuna. Ophika, ochapa, osesa ngakhale oyendetsa ana pachikuku kawirikawiri adali anyamata kapena abambo, amene mabwana awo ankawatcha maboyi ngakhale atamera imvi. Zifukwa zake zidalipo. Msonkho unkafunidwa kwa amuna, pamene akazi adali eni minda ndi nkhokwe kumudzi, ndipo abale awo sankalola kuti akagone kunyumba ya mlendo. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Karen Tranberg Hansen, adalemba buku lotchedwa Distant Companions mu 1989, losonyeza kuti ku Zambia nakonso ntchitoyi idali m'manja mwa amuna kwa zaka zambiri. Amuna a ku Nyasaland adatchuka ndi ntchito ya m'nyumba mpaka ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg.

Pang'onopang'ono amayi ena adayamba kulembedwa ntchito yoyang'anira ana a Azungu ndi Amwenye. Iwowa ankatchedwa aya, dzina limene lidabwera kuchokera ku India. Malipiro a wantchito wa m'nyumba adali ndi mbali zitatu: ndalama zochepa pakutha pa mwezi, phoso la ufa ndi nyemba kapena mchere, ndi malo ogona m'kanyumba ka kuseri. Woika mtengo adali bwana yekha. Ankafunsa anzake kuti iwo amalipira zingati, ndipo onse ankasamala kuti wina asakweze malipiro ndi kuwonongera anzake msika. Wantchito akadandaula ankauzidwa kuti akudya ndi kugona ulere. Mawu amenewa tiwasunge, chifukwa tiwamvanso kutsogoloku akutuluka m'kamwa mwa Amalawi.

Pamene amuna ankachoka, mtolo wa kumudzi unkagwera amayi. Zikwizikwi za amuna zidapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka pamene boma lidaimitsa ulendowu ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974. Pambuyo pake anthu adapitanso kudzera ku TEBA mpaka 1988. Mayi wotsala yekha ankalima, kusinja ndi kufuna ndiwo, kotero mwana wamng'ono ankatsala ndi mkulu wake tsiku lonse. Atsikana ambiri sadaponde m'kalasi chifukwa cha mbereko. Migodi ya golide ndi minda ya fodya zidapindula ndi ntchito ya atsikanawa, ngakhale m'mabuku a malipiro a makampaniwo maina awo sadalembedwemo.

Mwana wa kumudzi

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Amalawi adalowa m'maudindo amene kale adali a Azungu. Amayi ophunzira adakhala aphunzitsi, anamwino ndi alembi m'maofesi. Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mabanja ambiri adakakhala kutali ndi abale awo. Mayi wopita kuntchito m'mamawa adafunika womusiyira mwana, koma m'tauni munalibe anganga kapena mayi aang'ono. Njira yapafupi idali kutumiza uthenga kumudzi kuti apezeke mtsikana.

Apa mpamene miyambo iwiri ija idakumana ndi kusokonezana. Potenga mtsikanayo, anthu ankayankhula chinenero cha pachibale: tikamusunga ngati mwana wathu, tikamulowetsa sukulu, akatithandizako pang'ono. Koma atafika m'tauni ankagwira ntchito ngati boyi wa nthawi ya atsamunda, woyamba kudzuka ndi womaliza kugona. Popeza ankatchedwa mbale, sankayenera kufunsa malipiro. Popeza adali wantchito, sankadya mbale imodzi ndi ana a m'nyumbamo. Ngongole yozungulira ija idaduka, chifukwa mwana woleredwa ku Lilongwe sadali kudzabwera ku Nsanama kudzalera ana a mlezi wake. Mabanja ena adasungadi lonjezo, ndipo alipo lero aphunzitsi ndi anamwino amene adaphunzira chifukwa cha njira imeneyi. Koma atsikana ochuluka adabwerera kwawo ndi kathumba ka zovala zakutha, osadziwa kulemba ngakhale dzina lawo.

Boma lidali ndi lamulo loika malipiro otsikitsitsa, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wa m'mizinda unkasiyana ndi wa kumidzi. Koma oyendera ntchito ankapita kumafakitale, kumasitolo ndi kumaesiteti. Pakhomo pa munthu sankagogodapo. Malipiro a mlezi ankapanganidwa pakati pa mayi wa m'tauni ndi makolo a mtsikana, mwini wake ali chete pambali, ndipo nthawi zina ndalamazo zinkatumizidwa kumudzi iye osazigwira n'komwe.

Malamulo atsopano

Kusintha kwakukulu kudayamba mu 1994. M'chakachi boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Atsikana ambiri amene akadakhala alezi adanyamula makope. Malamulo oyendetsera dziko amene adalembedwa nthawi yomweyo adanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera, ndiponso kuti ana atetezedwe kuntchito yowadyera masuku pamutu kapena yosokoneza maphunziro awo. Mu 1996 kudabwera lamulo limene lidakhazikitsa bwalo lozenga milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito. Mu 1999 Malawi adavomereza mapangano awiri a bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, oletsa kulemba ana ntchito.

Lamulo la zolembana ntchito la mu 2000 ndilo lidamanga mfundo zambiri pamodzi. Lidanena kuti wantchito asapitirire maola 48 pamlungu popanda malipiro oonjezera. Wogwira ntchito masiku 6 pamlungu apumule masiku 18 pachaka akulandira malipiro. Mayi woyembekezera apatsidwe milungu 8 yatchuthi kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Lidapatsanso nduna mphamvu zoika malipiro otsikitsitsa itakambirana ndi mabungwe a olemba ndi olembedwa ntchito. Za ana, lidaletsa kulemba ntchito munthu wosakwana zaka 14, koma lidapatulako ntchito yogwiridwa m'nyumba. Mpata umenewu udali ngati chiboo pa mpanda, pakuti ana ambiri ogwiritsidwa ntchito mobisika ali m'nyumba momwemo. Malamulo ena adabwera kudzatseka chiboocho: loteteza ana la mu 2010, la maphunziro la mu 2013 limene lidati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulaimale, ndi lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015. Mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18.

Kunja nakonso zinthu zinkayenda. Pa 16 June 2011 maiko a m'bungwe la ILO adagwirizana pangano la nambala 189, lonena kuti wantchito wa m'nyumba ndi wantchito monga wina aliyense, woyenera mpumulo, malipiro a ndalama ndi mgwirizano womveka. Dziko la Uruguay ndilo lidayamba kulivomereza mu 2012, ndipo South Africa idatsatira mu 2013.

Tiwerenge ndalama

Tsopano tione manambala, pakuti iwo sanyengerera. Mu January 2021 boma lidaika malipiro otsikitsitsa a antchito ambiri pa K50,000 pamwezi, koma a antchito a m'nyumba pa K38,000. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya chimanga, sopo ndi shuga idakwera. Mu February 2024 malipiro a antchito ambiri adafika pa K90,000, a m'nyumba pa K52,000. Mu June 2025 adakweranso kufika pa K126,000 ndi K72,800.

Wophunzira wodziwa masamu aona chinthu chobisika m'manambalawa. Mu 2021, pa kwacha iliyonse imene wantchito wina ankalandira, wa m'nyumba ankalandira matambala 76. Mu 2024 ndi 2025 ankalandira matambala pafupifupi 58 okha. Ndiye kuti ngakhale ndalama zake zidachuluka, mlezi adatsalira kumbuyo kwa anzake kuposa kale. Tikagawa K72,800 ndi masiku 26 ogwira ntchito, tipeza K2,800 patsiku. Ndalama imeneyi ndi ya maola 8, koma mlezi wogonera pakhomo pa bwana wake sadziwa nthawi yoweruka. Mwana akalira pakati pa usiku, ndiye amene amadzutsidwa.

Nanga n'chifukwa chiyani boma limaika mtengo wotsika chotere? Yankho lili m'thumba la wolemba ntchito. Kale wolemba mlezi adali Mzungu wolandira ndalama zochuluka kwambiri kuposa wantchito wake. Lero ndi mphunzitsi wa pulaimale, mlangizi wa zaumoyo kapena mayi wogulitsa mpunga ndi nsomba za ku Chilwa pamsika wa Nsanama. Taganizirani mayi amene iyenso ankalandira K126,000 mu 2025. Akapereka K72,800 kwa mlezi, ankatsala ndi K53,200 yoti alipire nyumba ndi kudyetsa banja, mleziyo ali momwemo. Pamenepa pakumana amphawi awiri, wina akufuna kupita kuntchito, wina akufuna kudya. Ichi ndicho chifukwa chake anthu ambiri kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono amalipira zochepera pa lamulo, ndi kubwereza mawu aja a atsamunda akuti wantchito akudya ndi kugona ulere.

Komabe umphawi wa bwana suchotsa njala ya wantchito. Ku South Africa, kumene anthu ambiri a ku Machinga ndi Mangochi amapita kukafuna ntchito, kuphatikizapo ya m'nyumba, mkangano womwewu udachitika. Dzikolo lidaika malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba mu 2002. Mu January 2019, pamene lidakhazikitsa mtengo wa dziko lonse wa R20 pa ola, antchito a m'nyumba adapatsidwa R15 yokha. Mabungwe awo adalimbikira, ndipo mu March 2022 mitengo iwiriyi idafanana pa R23.19 pa ola. Chuma cha dzikolo n'chosiyana ndi chathu, koma phunziro lilipo: kusiyana kwa malipiro kudaikidwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kukuchotsa. Kuno kwathu bungwe la antchito la CIAWU ndilo lakhala likusonkhanitsa antchito a m'nyumba kuti mawu awo amveke.

Alezi a mkombaphala

Pali gulu lina la alezi limene mbiri ino siyenera kuliiwala. Bungwe loyang'anira sukulu za ana aang'ono lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1970, koma sukuluzo zidali za m'matauni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma mothandizana ndi UNICEF lidayamba kulimbikitsa midzi kuti izikhala ndi malo osamalirako ana. Matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, adasiya ana amasiye ochuluka, ndipo malo oterewa adafalikira m'dziko lonse. Anthu amawatcha sukulu za mkombaphala. Mu 2003 boma lidatulutsa ndondomeko yake yoyamba ya maleredwe a ana aang'ono, ndipo mwambi wakuti m'mera mpoyamba udamveka ponseponse.

Sukuluzi zidabwezeretsa mwambo wakale wolerera ana pamodzi, ndipo zidamasula amayi kuti apite kumunda, atsikananso kuti apite kusukulu. Koma zidamangidwa pamsana pa anthu ongodzipereka, ambiri a iwo amayi, amene amakhala ndi ana makumimakumi m'mawa wonse popanda malipiro. M'zaka zaposachedwapa boma lidayamba kupereka kangachepe kwa ena mwa alezi ophunzitsidwa, koma ambiri sadafikiridwe. Mlezi wotere akapeza ganyu m'nyengo ya dzinja amasiya ana ndi kupita, ndipo palibe angamudzudzule, poti naye ali ndi ana ofuna kudya.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti kuchepa kwa malipiro a mlezi kuli ndi mizu itatu. Muzu woyamba ndi mwambo wa pachibale, umene udatizoloweza kuti kulera mwana sikulipiridwa. Wachiwiri ndi ukapolo pamodzi ndi utsamunda, zimene zidatiphunzitsa kunyoza wogwira ntchito m'nyumba ya mwini. Wachitatu ndi umphawi wa dziko, umene umachititsa kuti wolemba ntchito ndi wolembedwa alimbirane kandalama kamodzi. Lamulo lidabwera mochedwa, ndipo mpaka lero limavutika kulowa pakhomo.

Ngakhale zili choncho, pali zinthu zimene mbiri yaikhazikitsa ndipo sizingabwererenso m'mbuyo. Mlezi ayenera kukhala munthu wamkulu, pakuti malo a mwana ndi m'kalasi. Malipiro ayenera kutchulidwa poyera ntchito isanayambe, ndi kuperekedwa m'manja mwa mwini wake. Popangana mtengo anthu ayenera kuyambira pa zimene boma laika, kenaka n'kuwerengera chiwerengero cha ana, msinkhu wawo, maola a ntchito, ndiponso ngati mleziyo aziphikanso, kuchapa ndi kukolopa. Amene sangakwanitse malipiro a mwezi wathunthu angathe kuchepetsa maola kapena kugwirizana ndi mnansi wake kuti alipire mlezi mmodzi pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pakabuka kusamvana, ofesi ya zantchito ya pa boma ilipo kuti iweruze.

Inu amene mukuwerenga chimangirizo chino mwatsala pang'ono kumaliza sukulu. Ena mwa inu mudaleredwa ndi mtsikana amene adasiya maphunziro ake kuti amayi anu apite kuntchito, ndipo mwina dzina lake simulikumbukira. Zaka zochepa zikubwerazi mudzakhala aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a maofesi, ndipo tsiku lina mudzakhala pakhonde ndi munthu wofuna ntchito yolera mwana wanu. Iye adzayang'ana pansi ndi kunena kuti mutchule nokha. Mtengo umene mudzatchule tsiku limenelo udzakhala tsamba lotsatira la mbiri imeneyi.